Pulofesa wandiitana kukafufuza za exciton: kodi n'chiyani, ndipo ndipite?

"Ndine mphunzitsi wa Physics pasukulu ina ya sekondale kuno ku Salima, ndipo ndagwira choko zaka 4 chimalizireni digiri. Ndinalembera pulofesa wina wa ku Ulaya, ndipo wandiyankha kuti malo alipo m'gulu lake. Ntchito yake akuti ndi yofufuza mmene ma exciton amasinthira mofulumira kwambiri mu ma organic semiconductor opyapyala, pogwiritsa ntchito photoemission spectroscopy. Mapepala awiri amene ananditumizira ndawerenga mpaka mutu kuwawa, osatolapo kanthu. Kodi zimenezi n'chiyani kwenikweni, ndipo munthu wophunzira konkuno angazikwanitse? Amalume anga nawo akuti sola tili nazo kale ku Nanjoka, ndiye ndikukafunanso chiyani kutali. Ndithandizeni ndisanamuyankhe."

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Mapepala amenewo amalembedwera anthu amene ali kale m'ntchitoyi, ndipo pa ophunzira onse amene ndagwira nawo ntchito sindinaonepo ndi mmodzi yemwe amene anawamva powerenga koyamba. Maziko ake muli nawo kale, pakuti mumaphunzitsa za diode ndi semiconductor, ndipo za kuwala kothothola ma elekitironi pachitsulo munazikumana nazo kuyunivesite. Chatsopano ndi chimodzi chokha, ndipo ndikufuna muchigwire bwino: mu zipangizo zimenezi, zoti kuwala kusanduka magetsi kapena kungotayika ngati kutentha zimagamulidwa m'kanthawi kochepetsetsa kuwalako kukangofika. Makina onse amene mwawerengawo anapangidwa kuti tione kanthawi kameneko.

Tiyambe ndi amalume, chifukwa funso lawo ndi labwino. Mapanelo a ku Nanjoka, amene anayamba kupereka 60 MW mu 2021, ndi a silicon. Kuwala kwa dzuwa kukagwera pa silicon kumanyamula elekitironi kuichotsa pamalo pake, ndipo pamalopo pamatsala dzenje. Elekitironi ndi negative, dzenje ndi positive, choncho ziwirizi zimakokana. Mu silicon kukokanako n'kofooka kwambiri, pafupifupi 0.015 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono ngati elekitironi), pomwe kutentha kwa m'chipinda wamba kumapereka pafupifupi 0.025 eV. Ndiye zimalekana zokha, chilichonse n'kulowera kwake, magetsi n'kuyenda.

Bwanji kukokanako kuli kofooka? Tengani mchere theka la supuni muthire m'kapu ya madzi, wina muthire m'mafuta ophikira. Wa m'madzi usungunuka, wa m'mafuta ungokhala pansi mpaka mawa. Madzi amalowerera pakati pa sodium ndi chloride n'kuphimba kukokana kwawo, pomwe mafuta alibe mphamvu imeneyo. Nambala yoyezera kuphimbaku, dielectric constant, m'madzi ndi pafupifupi 80, mu silicon ndi pafupifupi 12, koma mu organic semiconductor ndi 3 kapena 4 basi. Zipangizo zimenezi ndi mamolekyulu a carbon, abale ake a pulasitiki ndi utoto, ndipo khalidwe lawo pankhaniyi ndi la mafuta. Elekitironi ikadzuka siitha kuthawa dzenje lake. Zimakhala zomangana ngati mbuzi ndi chikhomo chake, ndipo chingwe chake ndi cha 0.3 eV mpaka 1 eV. Ngakhale dzuwa la Okutobala la ku Salima litafika madigiri 40, limangopereka 0.027 eV, osadula chingwe chotere. Awiri omangana amenewa ndiye exciton. Maganizo ake anayamba ndi Yakov Frenkel wa ku Russia mu 1931, ndipo mpaka lero exciton yomangika kwambiri chonchi imatchedwa ndi dzina lake.

Vuto lake nali. Exciton yanyamula mphamvu ya dzuwa, koma popeza negative ndi positive zili pamodzi, siyendetsa magetsi. Imangodumpha kuchoka pa molekyulu ina kupita pa ina mwachisawawa, ndipo pakatha nanosecond (gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi) imodzi kapena zingapo elekitironi imagwera m'dzenje lake, mphamvu ija n'kutuluka ngati kuwala kapena kutentha. Pa sikirini ya OLED ya mafoni ena, kugwera m'dzenjeku ndi kumene timafuna, chifukwa ndiko kumawalitsa. Pa sola ndi kuluza. M'moyo wake wonsewo exciton imayenda mtunda wa pafupifupi 10 nanometre, kutanthauza kuti mutatenga tsitsi limodzi n'kuligawa m'lifupi magawo oposa 5,000, gawo limodzi ndiye ulendo wake.

Njira yodulira chingwecho anaipeza Ching Tang wa ku kampani ya Kodak mu 1986. Anasanjika mitundu iwiri ya mamolekyulu, wina wopereka elekitironi, wina woilandira. Exciton ikafika pamalire a awiriwa, elekitironi imatsikira kwa wolandirayo, dzenje n'kutsala kwa woperekayo. Sola yake inangofika pa 1 peresenti, koma khomo linatseguka. Mu 1992 gulu la Alan Heeger ku Santa Barbara linaonetsa kuti C60, molekyulu ya maatomu 60 a carbon yooneka ngati mpira wamiyendo, imalanda elekitironi kwa polymer, molekyulu yaitali ngati unyolo, mwachangu chodabwitsa. Mu 1995 ofufuza anayamba kusakaniza awiriwa ngati mchenga ndi simenti, kuti exciton ikabadwira paliponse malire akhale pafupi. Lero tizidutswa ta m'labu tafika cha m'ma 19 kapena 20 peresenti.

Mwachangu chodabwitsa ndikunenacho ndi nthawi yosakwana 100 femtosecond. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amangogwedeza mutu osamvetsa kukula kwa nkhaniyo, ndiye tiimepo. Femtosecond imodzi poyerekeza ndi sekondi imodzi ili ngati sekondi imodzi poyerekeza ndi zaka 32 miliyoni. Kuwala kumazungulira dziko lapansi maulendo 7 ndi theka pa sekondi, koma mu 100 femtosecond kumangoyenda 0.03 mm, osadutsa n'komwe kunenepa kwa tsitsi. Palibe kamera kapena wotchi yamagetsi imene ingathamange chonchi.

Ndiye timaona bwanji? Munaimapo ku Senga Bay usiku wa mdima mvula ikubwera? Simuona kanthu, kenako ching'aning'ani n'kung'anima, ndipo m'kaphindi kameneko mumaona funde litaima chilili, bwato litapendekeka, zonse ngati chithunzi. Maso anu si achangu, koma kuwalako n'kwakufupi. Ifenso timachita zomwezo ndi laser yotulutsa kuwala kwa femtosecond makumi ochepa. Timakugawa pawiri. Koyamba, kumene timati pump, kumadzutsa ma exciton. Kwachiwiri, probe, kumafika mochedwerapo kudzajambula. Kuchedwako sitikuyeza ndi wotchi koma ndi mtunda: probe imadutsa pa kalilole wokhala pa kanjanji, ndipo tikamusuntha ndi 0.015 mm, njira yopita ndi kubwerera imatalika ndi 0.03 mm, ndiye kuti tachedwetsa ndi 100 femtosecond. Timasuntha, kujambula, kusunthanso, kujambula, kenako kulumikiza zithunzizo kukhala kanema. Ahmed Zewail, mwana wa mu Africa muno wochokera ku Egypt, analandira mphoto ya Nobel mu 1999 chifukwa cha njira yotereyi yoonera mamolekyulu akusintha.

Tsopano photoemission, kutanthauza kuthothola ma elekitironi ndi kuwala. Heinrich Hertz anaona mu 1887 kuti kuwala kwa ultraviolet kumathandiza magetsi kudumpha pachitsulo, Albert Einstein anafotokoza chifukwa chake mu 1905, ndipo Kai Siegbahn wa ku Sweden anazisandutsa chida choyezera, n'kulandira Nobel mu 1981. Masamu ake ndi a kuchotsera basi. Mphamvu ya photon, kachidutswa ka kuwala, imene mwaponya mukuidziwa. Mukuyeza mphamvu imene elekitironi yatuluka nayo. Kusiyana kwake ndi mphamvu imene inaigwira mkatimo. Pantchito yanuyi probe ndi imene imathothola elekitironi mu exciton, n'kuiponyera kunja kwa chipangizocho, komwe makina amaiyeza liwiro ndi mbali imene yalowera. Pali kanthu kena kamene mapepala aja sanakufotokozereni chifukwa amati aliyense akudziwa: elekitironi ikamachoka, dzenje limatsala, ndiye iyenera kulipira chingwe chija. Imatuluka ndi mphamvu yochepa kuposa elekitironi yomasuka, ndipo kupereweraku ndi kumene kumatiuza kulimba kwa chingwecho.

Mungafunse kuti bwanji osangowalitsa probe kudutsa m'chipangizocho n'kuona kuwala kumene kwamezedwa, njira yotsika mtengo imene malabu ambiri amatsata. Njira imeneyo ndi yabwino, koma zizindikiro za ma exciton osiyanasiyana zimasanjikana, ndipo anthu amatha zaka akukangana tanthauzo lake. Komanso ma exciton ambiri ndi amdima, sawala ndipo kuwala sikuwadzutsa mwachindunji. Photoemission ilibe nazo kanthu zimenezo. Elekitironi iliyonse yodzuka, yowala kaya yamdima, ikhoza kuthotholedwa. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine ndi cha mbali imene ma elekitironi amalowera. Mu 2009 Peter Puschnig ndi anzake ku Austria anaonetsa kuti kamwazikidwe kawo kamasunga chithunzi cha orbital imene achokera, ndiye kuti malo amene elekitironi imakhala mu molekyulu. Ma orbital aja mumajambula pabolodi ana n'kumaganiza kuti ndi nthano chabe, amaoneka pa sikirini ngati timadontho towala tokhala mwadongosolo. Mu 2021 magulu a ku Marburg ndi Jülich ku Germany ndi a ku Graz ku Austria anajambula zithunzi zotere pa nthawi ya femtosecond, kutsatira elekitironi yodzuka mu molekyulu ya utoto yotchedwa PTCDA. Pofuna kuona mbali zonse pamafunika photon ya 20 mpaka 40 eV, imene amaipanga powomba laser yamphamvu mu mpweya wa argon. Mukaona zilembo HHG m'mapepala anu, akunena zimenezo.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsani phindu lake, ndipo ndicho mukauze amalume. Silicon ili ngati kondakitala wosabweza chenji. Mtengo wake ndi 1.1 eV pa elekitironi imodzi. Photon yabuluu ikabwera ndi 2.7 eV, imakweza elekitironi imodzi yomweyo, chotsalacho n'kusanduka kutentha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene William Shockley ndi Hans Queisser anawerengera malire mu 1961, oti sola ya mtundu umodzi siingapitirire kwenikweni gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya dzuwa. Koma pali molekyulu yotchedwa pentacene, ya timphete 5 ta benzene tondondozana. Mmenemo exciton imodzi ya pafupifupi 1.8 eV imagawika kukhala ziwiri za pafupifupi 0.86 eV iliyonse, ngati kusinthitsa K2,000 kukhala ma K1,000 awiri kuti akwere anthu awiri. Zimachitika mu 100 femtosecond kapena kucheperapo, dzina lake singlet fission, ndipo ziwiri zobadwazo ndi zamdima. Gulu la Xiaoyang Zhu ku Austin, Texas, linatsatira kugawikaku ndi photoemission mu 2011. Mu 2013 a ku yunivesite ya MIT ku America anapanga sola ya pentacene yotulutsa ma elekitironi oposa 100 pa ma photon 100 a mtundu wina wa kuwala, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti tetracene, m'bale wake wa pentacene, yopakidwa pamwamba pa silicon ikhoza kupereka mphamvu ya ma exciton ake kwa silicon. Mu 2023 a ku Fritz Haber Institute ku Berlin anajambula ma orbital pamene kugawikaku kukuchitika mu pentacene, n'kuona kuti kudumphira kwa elekitironi pa molekyulu yoyandikana nayo ndi kumene kumatsegula njira.

Ndisakunamizeni, Aphunzitsi. Mapanelo a organic sadzalowa m'malo mwa a ku Nanjoka posachedwa. Amaopa mpweya wa oxygen, chinyezi ndi ultraviolet, ndipo nyengo ya kunyanja kuno ili nazo zonse zitatu, pomwe silicon imapirira zaka 25. Ubwino wawo ndi wakuti ndi opepuka, opindika, okhuthala pafupifupi 100 nanometre basi, ndipo akhoza kudindidwa ngati nyuzipepala. Chiyembekezo changa ine chili pa kuphatikiza, kachikopa ka organic pamwamba pa silicon kotolera chenji chimene chikutayika. Zikadzatheka, munda womwewo wa mapanelo udzapereka magetsi ochulukirapo. Koma zimenezi zikadali m'labu.

Nanga tsiku lanu lizidzayenda bwanji? Elekitironi siingayende mu mpweya, komanso photoemission imangoona pamwamba penipeni, nanometre imodzi kapena ziwiri. Choncho zonse zimachitikira m'mgolo wachitsulo wopopedwa mpweya mpaka 0.0000000001 mbar, pomwe mpweya timapumawu ndi pafupifupi 1,000 mbar. Mukatsegula mgolowo kuti mukonze kanthu, mumaukulunga ndi zingwe zotenthetsa ndi pepala la aluminiyamu ngati nsomba yowotcha, n'kuutenthetsa madigiri 120 kapena kuposerapo kwa masiku awiri atatu kuti chinyezi chichoke m'makoma. Sampulo mumadzipangira nokha momwemo. Mumaika ufa wa mamolekyulu m'kambiya kakang'ono ngati nsonga ya chala, kutenthetsa pang'onopang'ono, nthunzi yake n'kumakamatira pa kachitsulo koyera bwino, mzere umodzi wa mamolekyulu pa mphindi zingapo. Kenako muli m'chipinda chamdima chozizira, magalasi otetezera kumaso, kakhadi m'manja kosakira kuwala, kupotokola tizitsulo ta akalilole kuti pump ndi probe zigwere pakadontho kamodzi nthawi imodzi. Kungopeza pokumanira pawo kukhoza kukutengerani tsiku lathunthu.

Misampha yake ilipo, ndipo muidziwiretu. Mamolekyulu amenewa ndi osalimba, kuwala kwamphamvu kumawapsereza. Ine m'chaka changa chachiwiri ndinasangalala milungu itatu ndi chizindikiro chimene chinkasuntha pang'onopang'ono, ndikuganiza kuti ndapeza exciton yachilendo. Mnzanga wina wachikulire anangoti ndisunthe sampulo ndiyeze pamalo patsopano. Chizindikiro chija chinabwerera poyambira. Ndinkayeza kupsa kwa sampulo yanga. Chiyambire pamenepo sindikhulupirira chotsatira chilichonse ndisanachione pamalo atatu osiyana komanso ndi mphamvu ya laser yochepetsedwa ndi theka. Msampha wina ndi wakuti mukathothola ma elekitironi ambiri nthawi imodzi amakankhana ali m'njira, liwiro lawo n'kusintha. Winanso, mukadzutsa ma exciton ochuluka amagundana n'kuphana, ndiye mumaona ngati moyo wawo ndi waufupi, pomwe padzuwa lenileni sakhala othithikana chonchi. Ndipo pali malire amene chilengedwe chinaika: probe ya 100 femtosecond siingasiyanitse mphamvu zoyandikana kuposa 0.018 eV, ya 20 femtosecond ndi 0.09 eV. Mukafuna kuona nthawi bwino, mphamvu imachita chimbuuzi. Funso lalikulu kuposa onse, limene muzidzifunsa nthawi zonse, ndi lakuti zimene mwaona pakachikopa koyera m'mgolo zikufanana motani ndi za mkati mwa sola yeniyeni yosakanizika ija.

Za maso ndinene mosapsatira. Ma laser amenewa ndi a gulu loopsa kwambiri, class 4, ndipo kuwala kwa 800 nanometre kumene ambiri amatulutsa sikuoneka bwino ndi maso, choncho diso siliphethira kudziteteza. Musalowe m'labu musanaphunzitsidwe za chitetezo, vulani wotchi ndi mphete, ndipo musawerame kufika pamlingo wa tebulo la laser. Mukadzaona kung'anima m'diso kapena kadontho kakuda kosachoka, pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo, ngakhale pasakhale ululu.

Kodi mungakwanitse? Inde, ndipo zaka 4 zofotokozera ana zinthu zovuta ndi chuma chimene anzanu ambiri kumeneko sadzakhala nacho. Kumene mudzavutike ndi m'manja, chifukwa simunagwirepo zida zotere, ndipo zimenezo zimabwera pakatha miyezi 6 kapena chaka. Zimene mungakonzeretu muli ku Salima konkuno ndi quantum mechanics, solid state physics, Fourier transform, ndi Python, pakuti makinawa amatulutsa deta yochuluka zedi ndipo theka la ntchito ndi kuisanthula pakompyuta. Pitani ku Zomba kapena kumene munaphunzira, mukakhale pansi ndi mphunzitsi wanu wakale wa Physics muwerengere pamodzi pepala limodzi mwa awiri aja. Mukaona kuti mpata wakula kwambiri, palibe manyazi kudutsira kaye pa chaka chimodzi cha AIMS, sukulu ya masamu ndi sayansi imene inayamba ku Cape Town mu 2003, kapena dipuloma ya ICTP, malo ofufuzira za Physics ku Trieste ku Italy, imene inakonzedwera ophunzira ochokera m'mayiko ngati lathu.

Ganiziraninso za pobwerera. Makina amenewa ndi a ndalama zambirimbiri ndipo amafuna magetsi osathimathima, choncho musayembekeze kudzawapeza kuno mukamaliza. Africa yonse ilibe synchrotron, chimakina chachikulu chotulutsa kuwala kwamphamvu kofufuzira, ndi imodzi yomwe, ngakhale pali ntchito yolimbikitsa kuti imangidwe yotchedwa African Light Source, ndipo ma laser a femtosecond oyandikira ali ku South Africa, monga ku Stellenbosch. Koma chithunzi chilichonse cha orbital chimafuna wina wochiwerengera pakompyuta kuti chimveke, ndipo ntchito imeneyo ikhoza kuchitikira ku Zomba, ku Thyolo kapena ku Mzuzu ndi mapulogalamu aulere ngati Quantum ESPRESSO. Sukulu ya ASESMA yakhala ikuphunzitsa achinyamata a mu Africa zimenezi kuyambira 2010. Langizo langa ndi lakuti mupemphe kuti gawo lina la ntchito yanu likhale la kuwerengera. Luso la vacuum, la kupaka zinthu zopyapyala ndi la kuyeza chifukwa chimene panelo yafookera nalonso lidzafunika kuno, pakuti mapanelo a ku Nanjoka ndi a ku Nkhotakota adzakalamba, ndipo wina ayenera kudziwa kuwayeza.

Musanavomere, mulembereni pulofesayo mumufunse zinthu izi mwaulemu koma momveka. Kodi makinawo akugwira kale ntchito, kapena mukukathandiza kuwamanga? Kumanga kumaphunzitsa zambiri, koma kukhoza kudya zaka ziwiri musanayeze kanthu. Kodi gulu lili ndi laser yakeyake, kapena limadikira masiku ochepa pachaka kumalo akuluakulu? Ndani adzakhale nanu m'labu tsiku ndi tsiku? Ndalama zolipirira moyo wanu ndi za zaka zingati, ndipo zalembedwa m'kalata ya yunivesite? Pemphaninso kulankhula ndi wophunzira mmodzi wa m'gululo pulofesayo palibe. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama ku akaunti ya munthu kuti malo asungidwe, imani pomwepo mufunse ku ofesi ya yunivesiteyo kudzera pa adiresi ya pa webusaiti yawo. Ndipo ngati muli pa ntchito ya boma, kambiranani ndi ahedi ndi a ofesi ya maphunziro za tchuthi cha sukulu musanalembe kalata yosiya ntchito.

Mayankho a pulofesayo akabwera, munditumizire pamodzi ndi mitu ya mapepala awiri aja, tidzaone ngati ntchito imene akukupatsani ndi ya pentacene, ya C60 kapena ya malire a mitundu iwiri, chifukwa zoti muyambe kuwerenga zidzadalira pamenepo.